Theka la Nkhope ya Kapambwe

Ida anali atangoviika yunifolomu ya Luse m'beseni pamene Mwiche, mwana wake wamkulu, anatulukira akuthamanga, foni ili m'manja. Mnzake wa ku Kalingalinga anali atamuuza kuti kwa a Dyton, mng'ono wa malemu bambo ake, ayanika katundu yense panja. Abusa awo akuti anawalangiza kuti zinthu za womwalira zisagulitsidwe zisanapemphereredwe ndi kuombedwa dzuwa, ndipo wogula akubwera madzulo.

"Na kamera?" anafunsa Ida.

"Vonse, mami. Ati basegula na vikwama."

Ida sanapukute n'komwe manja. Anamanga chitenje, nauza Mwiche kuti ayang'anire mng'ono wake Luse, n'kutuluka.

Mwamuna wake, Kapambwe, anajambula komboni yonse ya Mtendere: maukwati, ubatizo, ana ovala nsapato zatsopano, ngakhale anthu oima pafupi ndi galimoto za eni. Mafoni atabwera makasitomala anachepa, koma iye anakakamira filimu yake. Chodabwitsa n'chakuti mwini wakeyo sankalola kujambulidwa. Ukamulozetsa foni ankaphimba nkhope ndi chipewa n'kumati wometa sadzimeta. Pamaliro ake anaika chithunzi cha pachitupa, cha kamnyamata kopanda ndevu, ndipo Luse, wa zaka zisanu, anafunsa kuti ameneyo ndi ndani.

Koma chithunzi chimodzi chinalipo. Pa Khirisimasi, Kapambwe atangoika filimu yatsopano, Mwiche anatola kamera pampando n'kumujambula akuseka. Pambuyo pake bamboyo anajambulanso ukwati wina, kenaka anadwala. Filimuyo sinathe, ndipo iye sankatsukitsa filimu yosatha. Pogawa katundu, akuluakulu anati zida za ntchito ndi za mng'ono wa malemuyo. Ida sanalimbane nawo. Anangopempha chinthu chimodzi: kamerayo isatsegulidwe mpaka iye atapeza mpata wokatsukitsa. Dyton anavomera akutafuna nyama.

Minibasi imene anakwera pamsika inangoima, kondakitala akuitanabe anthu, dalaivala akuliza injini monamiza. Ida anagwedeza mwendo, nayang'ana dzuwa, nayang'ananso. Linali paliwombo, lopanda ndi kamtambo komwe. Anatsika. Kondakitala anamukuwiza kuti amayi aukali ngati awa ndiwo amathawitsa amuna, koma iye sanacheuke. Anadutsa njira zachidule, kulumpha ngalande, patapata akumenya zidendene.

Pakhomo pa Dyton anapeza mphasa itayalidwa. Panali nsapato za Kapambwe, jekete lake la maukwati, fulashi, malamba, ndi kachitsulo ka miyendo itatu koimikapo kamera. Pakati pa zonsezo panali kamerayo, chitseko chakumbuyo chili yasa ngati nsomba yotumbula. Lillian, mkazi wa Dyton, anali chogwada pambali ndi kabotolo ka mafuta odzozera.

Ida anagwada, natseka kamera, naifunditsa chitenje.

"Mulamu, na moni mulibe?" anatero Dyton akutuluka m'nyumba.

Ida anafunsa kuti atsegula nthawi yanji. Lillian anati posachedwa pomwe, atangomaliza kupempherera nsapato. Dyton anaseka, n'kunena kuti asavutike mtima chifukwa iye wayang'anamo bwinobwino.

"Mulibe chithunzi mukati, mulamu. Ni kapulasitiki chabe, kopanda kanthu. Nayanganila na pa zuba kuti nione bwino," anatero akuloza dzuwa.

Ida anamuyang'ana. Munthu anakula nyumba imodzi ndi wojambula, anadya nawo za kamera yomweyo, koma sanafunsepo ngakhale kamodzi chifukwa chimene mkulu wake ankatsekera zenera ndi bulangete potulutsa filimu yokodwa. Ida analowetsa manja pansi pa chitenje, nadina kabatani ka pansi, nayamba kupukusa kachogwirira monga ankaonera mwamuna wake akuchitira, mpaka kanapepuka. Anatulutsa kachitini ka filimu n'kukamangirira pansonga ya chitenje.

Apo Dyton anayamba kulimba mawu. Anati wogulayo, mnyamata wa kuyunivesite wokonda zinthu zakale, anagwirizana naye za kamera ndi zonse zili m'kati. Lillian naye anaponyapo kuti ngati zaonongeka zaonongeka, madzi akatayika saoleka.

"Mwambi uyo baukonda maningi bamene bataya manzi," anatero Ida. "Kamera gulisani. Nsapato gulisani. Aka nikotenga, ndipo mukafuna kaitaneni bakulu bonse."

Palibe anamutsatira.

Ku Kamwala kunali a Chisenga, mnzake wa malemu, amene ankajambula zithunzi za mapasipoti kuseri kwa shopu ya nsalu. Mumzinda wonse, ndi iwo okha amene Ida ankawadziwa kuti amasungabe mankhwala otsukira filimu. Atamva nkhaniyo anangopukusa mutu. Anamuuza mosabisa kuti dzuwa silisiya kanthu, koma poti filimu imadzikulunga yokha m'kamera, zoyambirira zimakhala m'kati mwenimweni. Mwina. Analowa m'kachipinda kawo kamdima n'kukhoma.

Ida anakhala pabenchi, naimirira, nakhalanso. Anaganiza za zovala zili m'madzi, za ndiwo zimene sanagule, za Luse amene tsiku lina adzakula n'kumakhulupirira kuti bambo ake anali kamnyamata ka pachitupa. Anayesa kukumbukira nkhopeyo iye mwini. Mawu ankawamva bwinobwino, kutsokomola kwake, kuliza kwake mluzu. Koma maso ankamuthawa, ndipo zimenezo zinamukwiyitsa kuposa Dyton.

A Chisenga anatuluka ndi filimu yonyowa, yakuda bii ngati khala. Ukwati wonse uja unapsa, mkwati ndi mkwatibwi yemwe. Anatsetsereza chala mpaka kumapeto, n'kuima.

"Pano pali munthu," anatero. "Koma zuba yadyako."

Pepala litauma, Ida anaona diso limodzi lotsinzinira ndi kuseka, khutu, tsaya, ndi mpata uja wa pamano. Mbali inayo kunali mbee, ngati munthu wasuzumira pachitseko. A Chisenga anadandaula kuti ntchito yotere si yopatsa munthu, ayesenso kukonza. Ida anati ayi, naika chithunzicho m'chikwama.

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. Mwiche analandira chithunzicho, nachiyang'ana, n'kulowa m'nyumba. Luse ndiye anachigwira ndi manja awiri, nachipendeketsa ngati theka linalo labisala kuseri.

"Ni batata aba," anatero. "Nanga kwina kuli kuti?"

"Kwina ukaone pa gilasi," anatero Ida. "Manje choka apa, ungachinyowese."

Mwanayo anathamangira m'nyumba kukadziyang'ana pakalilole. Thovu m'beseni linali litatha, madzi atazizira, ndipo yunifolomuyo sikanauma tsiku limenelo. Ida anakokera kampando pafupi, napinda chitenje m'maondo, nayamba kufikisa kolala.