Soketi ya pansi pa zenera

Mwana wanga anabwera Loweruka m'mawa ndi wamagetsi, osandiuza n'komwe. Ndinadziwiratu kuti pali nkhani. Kuyambira pamene khoma linada pamwamba pa soketi yomwe ndimasitirapo, iye ndi mkazi wake ankangonong'onezana zoti ndayamba kuiwala, ndisamuke ndizikakhala kwawo. Nyumba ino ndakhalamo zaka makumi atatu, ndipo sindinkafuna kukathera m'kachipinda ka alendo.

"Amayi, akuikirani swichi yoyendera foni," anatero. "Mukaiwala ayironi, ine ndizizimitsa ndili kuntchito."

"Ndiye uzidziwanso nthawi imene ndayatsa?"

Anayamba kuyang'ana kudenga. Kuyambira ali mwana amatero akagwidwa.

Wamagetsiyo sindinamukhulupirire ngakhale pang'ono. Ulemu wake unali wochuluka ngati wa munthu wotumidwa kudzandiyesa mutu. Ndinakoka mpando n'kukhala pomwepo, maso pa manja ake. Anakazimitsa magetsi a nyumba yonse, n'kumata kapepala pabokosi lozimitsira magetsi kuti wina asayatse. Atamasula soketi anakhudzitsa kachida koyezera pa waya aliyense, kawiri konse.

"Mwazimitsa kale, mukuyezeranji? Kapena nanunso mumaiwala?"

"Waya sindimukhulupirira ndisanamuyeze, amayi," anayankha akuseka.

Kenako anasiya kuseka. Anasolola waya wina wopserera, pulasitiki yake itasungunuka.

"Soketi iyi anamanga ndani? Wayayu sanamangidwe zolimba, amangothetheka m'katimu. Khomali ladetsedwa ndi ameneyu, osati ayironi. Komanso waya wa chitetezo sanalumikize n'komwe."

Amene anamanga soketiyo ndi mwana wanga, chaka chatha, akuonera pafoni. Ndinangomuyang'ana mpaka anatuluka, ati akukatenga chinthu m'galimoto. Mtima wanga unakoma, ndisaname.

Wamagetsi anadula mbali yopsayo, n'kulumikiza mawaya onse atatu bwinobwino. Anawerenga nambala za pansi pa ayironi kuti aone ngati swichiyo ingapirire mphamvu yake, kenako anafunsa:

"Ndiike pa foni ya ndani? Nyumbayi ndi yanu."

"Pa yanga."

Ndinasuzumira pazenera. Mwana wanga anali atatsamira galimoto, akulankhula pafoni, mwina kupereka lipoti kwa mkazi wake.

"Bambo," ndinatsitsa mawu, "kanthu kanuka kangathe kuzima kokha pakapita mphindi makumi awiri?"

Ndinadikira kuti andifunse chifukwa, kapena aitane amene anamubweretsa. Anangotenga foni yanga n'kuyamba kudinadina.

Waya uja analakwadi. Koma Lachiwiri lapitali ndinabwera kuchokera kumsika n'kupeza ayironi ili yotentha, ndipo mpaka lero sindikukumbukira kuti ndinaiyatsa liti. Ndinachita mantha kwambiri tsiku limenelo, ndipo sindinauze munthu.