Kachisi Amene Analiridwa ku Nselema

Mayi Bernadetta a ku Nselema ankaopa chinthu chimodzi: kuti anthu adzanene kuti pakhomo pawo munthu analira yekha. Ndiye m'mawa wina kumapeto kwa Julaye, mphepo ikuluma makutu, anadabwa atapeza mlendo wawo Dave ali chikhalire pansi pakhonde, wopanda nsapato, tiyi ndi mbatata osazikhudza. Dave anali Myuda, mlangizi wa ulimi wothirira, munthu wopatsa moni ngakhale mbuzi. Koma tsikulo anangogwedeza mutu n'kumawerenga kabuku ndi mawu achisoni.

Mayiwo sanafunse, poti namfedwa sapanikizidwa ndi mafunso. Anathyola masamba n'kukayala pamsewu monga timachitira pakagwa zovuta, ndipo pofika teni koloko amayi a mphakati anali atadzaza bwalo, nkhuni ndi ufa zili pamutu.

A Yotamu, mkulu wa mphakatiwo, ananjuta pafupi. "Pepani achimwene. Watisiya ndani?"

Dave anayang'ana khamulo n'kugwira pakamwa. "Iyayi bambo, palibe wamwalira. Kwathu uno ndi mwezi wa Avu, nyengo yotentha. Pa tsiku lachisanu ndi chinayi la mweziwu adani anagwetsa kachisi wathu ku Yerusalemu, kawiri konse, makolo athu n'kubalalika. Lero sitidya, sitimwa, sitipatsana moni."

"Zachitika liti zimenezi?"

"Komaliza, papita zaka pafupifupi zikwi ziwiri."

Wina anaseka kumbuyo. Manyazi anawagwira Mayi Bernadetta, osati pang'ono: kuitanira mudzi wonse maliro opanda mtembo! Anafuna kuthamanga kukachotsa masamba aja, koma anayamba kaye kuganiza. Agogo awo anathawa kwawo ku Mozambiki nyumba ikuyaka kumbuyo, dzulodzuloli, koma iwo Mayi Bernadetta dzina la mudzi wa agogowo analiiwala kalekale. Pomwe mwana wa eniyu, kutali ndi kwawo, kopanda womuona, akukana ndi madzi omwe chifukwa cha nyumba imene ngakhale agogo a agogo ake sanaione. Anamusirira, kunena zoona, anamusirira kwambiri.

"Tikachotse masamba aja, mayi?" anafunsa a Yotamu motsitsa mawu.

"Asiyeni." Mayi Bernadetta anavula masilipasi, anamanga chitenje bwinobwino n'kukhala pansi pambali pa Dave. "Nyumba inagwa, anthu anabalalika. Nanga maliro ndiye ati?"

Amayi a mphakati anayang'anana, kenaka anayamba kutula nkhuni mmodzimmodzi.