Ndodo ya Kuseri kwa Chitseko

Mvula ya Epulo inali itagwa masiku asanu ndi anayi osakata, ndipo khoma la pabalaza linkachita thukuta. A Dunstan analikhudza ndi chala, nachinunkhiza. Panali patatha milungu itatu chibwerereni kuchokera kwawo ku Malawi, komwe anakaika akazi awo, a Eneles.

"Mwaonatu, adadi," anatero mwana wawo Vailet. "Nkhungu mpaka m'masuti mwanu. Nyumba ya 1924 iyi, yatopa. Ku Madaraka kwapezeka fulati youma bwino, akufuna yankho Lachisanu."

"Zaka khumi ndi chimodzi tili muno," anatero a Dunstan. "Nyumbayi sinanyowepo."

"Ndiye mukuti nayonso ikulira maliro?"

Ku ntchito ku Gigiri a Dunstan sanapite tsiku limenelo. Anazungulira nyumba yonse ndi ambulera. Amisiri achimwenye amene anaimanga kuno ku Parklands anasema miyala yochindikala, denga analikweza msinkhu wa anthu awiri, khonde analizunguliza mbali zitatu. Malata sankadontha. Ngalande zinali zoyera. Anthu osamala chonchi akanaiwala bwanji za chinyezi?

Kuseri kwa chitseko cha kukhitchini anapezako ndodo yaitali, kunsonga kwake kuli kangowe kamkuwa. Pogwirira pake panali posalala, pakuda ndi manja.

"Iyi ndi yachiyani?"

"Kaya, mwina yothyolera mapeyala. Amami sankalola munthu kuigwira."

"Pano palibe mtengo wa mapeyala."

Anayenda nayo m'nyumbamo maso ali m'mwamba. Pamwamba pa chitseko chilichonse, kufupi ndi denga, panali kawindo kokhala ndi mphete yachitsulo. Tonse tinali totseka. M'mbali mwa mphete iliyonse penti anali atakalikakalika, pomwe ngowe inkaphonya.

Anakola mphete imodzi, nakoka. Kawindo kanapendekeka ndi kulira kuti kwee. Atatsegula ka mbali inayo, mphepo inadutsa pabalaza, kalendala n'kugwedezeka pakhoma.

Kaphokosoko ankakadziwa. M'mawa uliwonse ankakamva ali m'bulangete, kasanu ndi kawiri, ndipo zaka zonsezo ankayesa ndi mbalame padenga.

"Amami sanatiuzepo," anatero Vailet chapansipansi.

"Sitinafunse."

"Nanga a ku Madaraka ndikawauze chiyani?"

"Ukawauze kuti zikomo, tikhala mommuno."

A Dunstan anatsegula timawindo tisanu totsalato, kenaka anakaimika ndodoyo kuchipinda, pafupi ndi mbali yawo ya bedi.