Waya Wopita kwa Mayi Pauline

Harun anali atakwera kale makwerero, pulayazi ili m'manja, pamene Raisa anatuluka m'nyumba ndi beseni la mbale. Linali tsiku lachinayi chiikireni m'manda bambo ake a Raisa, a Yakubu, ndipo dzuwa la Okutobala linkawotcha Chinsapo ngati lili naye chifukwa. Mitengo ya m'deralo inatha kalekale, ina ku nkhuni ina ku mauvuni a njerwa, choncho abale ochokera ku Ntaja anali atapanikizana pa kamthunzi ka mpanda wa njerwa.

"Bambo aakulu, mukufuna kudula chiyani?"

Harun, mkulu wake wa malemuyo, sanayang'ane n'komwe pansi. Anangoloza mawaya anayi amene ankatuluka m'munsi mwa denga n'kudumpha mpanda kupita kunyumba za anansi. Anati fani ya m'chipinda ikungozungulira mwaulesi, mlamu wake akupsa, pamene moto wa sola za mng'ono wake ukuyamwidwa ndi anthu amene si abale.

Zoti mlamu wake ankapsa zinali zoona. A Mwanabibi, mayi ake a Raisa, anali atalowa mu eda, miyezi inayi ndi masiku khumi imene mkazi wachisilamu amakhala m'nyumba mwamuna wake akamwalira. Chipinda chawo chinali cha malata opanda siling'i, ndipo dzana masana anachita chizungulire ali pamkeka wopempherera. Harun ndi amene anapeza fani pamwamba pa wadirobu, itakulungidwa m'pulasitiki, n'kuilumikiza. Mafoni onse a anthu a pamaliro anawatchajanso pomwepo.

Harun sanali wa gulu la abale aja obwera pamaliro maso ali pa katundu. Iye ankamumvera chisoni chenicheni mlamu wakeyo. Vuto lake linali lomwe lija la akuluakulu ambiri: akangoganiza kuti wamvetsa nkhani, makutu amatseka. Amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma uyu anabwera ndi pulayazi.

Raisa anaika beseni pansi n'kuyesa kufotokoza mwaulemu. Mumsewu wawo mapolo a magetsi sanafikemo, ndiye mabanja asanu anasonkherana n'kugula sola zisanu ndi imodzi. Anaziika padenga lawo chifukwa bambo ake, pokhala wowotcherera zitsulo, ndi amene ankadziwa za mawaya. Waya wakumanzerewo unkapita kwa Mayi Pauline, ku kafiliji kosungiramo mankhwala awo obaya a shuga, amene amawonongeka akatenthedwa.

"Denga ili ndi la ndani?" anafunsa Harun. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Aliyense adzionere yekha. Ine sindingabwerere ku Ntaja nditasiya mlamu wanga mu uvuni."

Raisa anakwiya, koma mwana sakalipira bambo ake aakulu abale onse akuona. Anangogwira makwerero ndi manja onse awiri.

Nthawi yomweyo Mayi Pauline analowa pageti. Anali mayi wachikulire amene anaphika pamaliropo masiku atatu, miyendo itatupa. M'manja ananyamula kambale kovundikira ndi kansalu konyowa. Anapereka moni kwa abale mmodzimmodzi, anapepesanso za maliro, kenako anafunsa motsitsa mawu ngati penapake pawonongeka, chifukwa filiji yawo sinalire kuyambira dzulo. Ananena ngati olakwa ndi iwowo. Raisa anadziwa kuti m'kambalemo munali mankhwala aja, ndipo anachita manyazi kwambiri.

Kenako Mayi Pauline anakweza maso n'kuona pulayazi.

"Dulani, abambo," anatero. "Mwini wake wapita. Sindingalimbane ndi anamfedwa."

Harun anapana waya wakumanzere ndi pulayazi, thukuta likutsikira m'ndevu.

"Alamu, tsikani."

Mawuwo anachokera pazenera la kuchipinda, kuseri kwa katani. Chimwalirireni mwamuna wawo, a Mwanabibi anali asanalankhule ndi mwamuna aliyense. Katani sinasunthe.

"Fani ija simunaipeze pamwamba pa wadirobu mwangozi. Mng'ono wanu ankaikulunga yekha Seputembala akamatha. Kutenthaku ndakhala nako zaka zitatu, sindinafe. Koma mankhwala a mayiwo akafa, iwonso atsatira. Mukufuna tilire maliro awiri mumsewu uno? Raisa, atsegulire bokosi."

Harun anatsika pang'onopang'ono, nkhope itauma, poti kudzudzulidwa ndi mlamu pagulu si chinthu chokoma. Raisa anamutsogolera pakhonde pamene panali bokosi lachitsulo limene a Yakubu anawotcherera okha. M'katimo munali mabatire awiri ndi maswichi asanu ondandalikana. Pansi pa swichi iliyonse panali mawu olembedwa ndi penti yoyera, zilembo zopendekeka zomwe Harun ankazidziwa kuyambira ali ana ku madrasa.

Yoyamba inati: Mayi Pauline, filiji. Osazimitsa. Yachiwiri inali ya a Latif atelala, yachitatu ya kwa Janet kumene ana ankawerenga za mayeso, yachinayi ya banja lakuseri. Harun anawerenga akugwedeza milomo mpaka anafika pa yomaliza.

Kwathu. Moto ukachepa, yambani kuzimitsa iyi.

Maswichi enawo anali oyera ngati agulidwa dzulo. Yomalizayo inali itada ndi girisi, pakati pake pataperepeseka chifukwa chogwidwagwidwa. Harun anaiyang'ana nthawi yaitali. Chisoni chimene anachibisa ngakhale kumanda chinamugwira pamenepo, atagwada pakhonde. Anaika pulayazi pansi. Anaika chala chake chachikulu pamene panaperepesekapo, n'kudina.

M'chipinda muja fani inazungulira kawiri katatu n'kuima. Mayi Pauline anatuluka pageti ndi kambale kawo, ndipo patapita kanthawi anaitana kuseri kwa mpanda kuti filiji yayamba kulira.

Harun anapukuta kumaso ndi kofia yake.

"Nanga masana, kukatentha chonchi, amayi ako ankatani?"

"Ababa ankaviika chitenje m'madzi n'kuchipachika pazenera," anayankha Raisa. "Chikauma, ankasiya ntchito n'kudzachiviikanso."

Harun anadzuka. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutenga ndowa imene inali pafupi ndi chitseko.

"Kanditengere chitenjecho," anatero.