Kapu ya Fyness

Fyness anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi ndipo sankalankhula. Akamva ludzu ankamenyetsa mutu pa nsanamira ya chigafa mpaka wina amuthamangire ndi madzi. Makolo ake, a Zakeyo ndi a Anesi, anali matenanti ochokera ku Phalombe, olima fodya pa esiteti ina ku Wimbe. Bungwe limene linandilemba ntchito nditamaliza koleji linanditumiza kwa iwo ndi mawu ambiri a m'mabuku.

Mutu wa mawu onsewo ndi waufupi: khalidwe limene limabweretsa phindu, munthu amalibwereza. Kumenyetsa mutu kunkabweretsa madzi, choncho ndinamupatsa njira ina. Ndinkamugwira dzanja, kumunyamulitsa kapu yopanda kanthu kuti andipatse, madzi n'kubwera pompo. Kenako ndinkangomukhudza pachigongono. Kenako osamukhudza n'komwe. Mvula isanathe, chipumi chake chinali chitapola.

Koma kapuyo ankangopatsa ine. Ndikachoka, ankabwerera ku nsanamira.

"Mwanayu akukuonani ngati mjigo, a Olive," anatero a Zakeyo akusankha fodya. "Mupita nafe ku Phalombe? Pa lole malo alipo, pafupi ndi mbuzi."

Amayi a m'chigafa anaseka. A Anesi sanaseke. Fodya akangogulitsidwa banjali linkayenera kubwerera kwawo, ndipo kwawoko kunalibe Olive.

M'mabuku mwathu gawo lotsatira ndi lakuti mphunzitsi azizimiririka pang'onopang'ono, luso lisamukire kwa eni mwana. Amalilemba m'mawu ochepa kwambiri.

Ndinapempha a Anesi kuti akhale pafupi ndi ndowa, a Zakeyo aime motchinga nsanamira. Fyness anabwera kwa ine ndi kapu yake. Ndinabisa manja kumbuyo. Anandigunda nayo pabondo. Anandigundanso. Kenako anakuwa kukuwa kumene ndinali ndisanakumvepo. Tinaphunzira kuti zimatero, khalidwe limayamba lakula lisanafe. Pa mayeso funso limenelo ndinalikhoza.

"Mlandireni kapuyo inu!" anatero a Anesi. "Walakwanji?"

"Tambasulani dzanja, amake Fyness. Osamuitana. Lingoonekera."

"Sangabwere kwa ine. Ine amandidziwa kuti ndine wom'gwira akamadzimenyetsa."

"Tambasulani basi."

Fyness anandikoka siketi, kundiyang'ana kumaso, chinthu chimene sankachita kwa wina aliyense. Ine ndinayang'ana fodya wopachikidwa. Atatopa kulira, anatembenuka n'kuponya kapu pamiyendo pa mayi ake.

"Tungani!" ndinatero. "Msanga!"

A Anesi anatunga mofulumira, madzi ambiri n'kutayikira pachitenje.

"Ee, mjigo wasamuka," anatero a Zakeyo.

Kuyambira pamenepo ndinkakhala kumbuyo kwa a Anesi. Kenako kumapeto kwa chigafa. Kenako kuseri kwa mabelo, kumangosuzumira. Ndinasiya kumuimbira nyimbo yathu yosamba m'manja, ndinasiya kumubereka, poti zonsezo zinkamukokera kwa ine. Kwa kanthawi ankandifunafuna ndi maso. Pamene mabelo omaliza ankapita ku okushoni, anali atasiya.

Tsiku la ulendo ndinawapeza atakwera kale, pakati pa mphasa ndi matumba. Fyness anali pamiyendo pa mayi ake, akuseweretsa mkanda wawo.

"Fyness, a Olive awo," anatero a Anesi. "Tsanzika, iwe."

Sanatembenuke. A Anesi anamugwira chibwano kuti andione.

"Musiyeni," ndinatero. "Ndi mmene ziyenera kukhalira. Madzi muli nawo pafupi? Ku Phalombe n'kutali."

"Chigubu chili apa. Musakhumudwe, achemwali."

"Ayi, ndasangalala."

Lole inanyamuka. Ndinaima pakati pa ziputu za fodya mpaka fumbi litatsika. Ku ofesi anati ntchitoyo ndinaigwira bwino kwambiri, ndipo Lolemba anandipatsa mwana wina ku Chamama.