Mpando Wobiriwira wa Yolla

Chikondwerero cha nyimbo za jazi cha m'tauni yathu, kuno kuchigwa cha Bekaa, n'chaulere. Eni minda ya mphesa amasonkherana kulipira oimba, ndipo amatimwetsa vinyo wotsala wa chaka chatha kuti watsopano apeze malo. Poti matikiti kulibe, banja lililonse limanyamula mipando yake m'mawa n'kukaindandalika pabwalo la tchalitchi. Kenako tauni yonse imadutsa pamenepo ngati ikukagula buledi, chonsecho ikuwerenga mipando. Mnyamata ndi mtsikana akapezeka atakhala moyandikana nyimbo zikamayamba, pofika Lamlungu azimayi amakhala atayamba kale kufunsa za chinkhoswe.

Nadim anafika masana, dzuwa la Ogasiti litathamangitsira aliyense m'nyumba. Mpando wa Yolla, mtsikana wa kumtima kwake, anauzindikira ali patali: wobiriwira, wa pakhonde la bambo ake. Unali kutsogolo, utagundana ndi mpando wachikopa wa Fares, mwana wa mwini munda waukulu, amene anabwerako ku Montreal ndi ndevu komanso chizolowezi chotsinzina lipenga likamalira. Wa Nadim, wapulasitiki, unali kumbuyo komwe anausiya m'mawa. Pambali pake wina anali ataikapo kampando kofiira ka azakhali ake a Yolla, a Wadad, amene sasiya kulankhula ngakhale pa Misa.

Nadim anaphunzira masamu ku Beirut, choncho nsanje yake anaisandutsa samu. Mpando wa mtsikana mwamuna wapadera saukhudza, limenelo ndi lamulo. Kampando ka a Wadad ngakhale wansembe sangayerekeze. Yotsala inali iwiri. Ananyamula wachikopa uja, thukuta lili kamukamu, n'kukauika kumbuyo, wake n'kuubweretsa kutsogolo. Anabwerera kunyumba akudzitama mumtima kuti palibe lamulo limene waphwanya.

Madzulo anafika msanga ndi matambula awiri a vinyo. Bwalo linadzaza, woimba ng'oma akuyesa zida zake. Apo a Wadad anatulukira ndi thumba la nthanga zokazinga, n'kudzikhazika pa mpando wobiriwira uja.

"Azakhali, mwasokera," anatero Nadim. "Wanu uli kumbuyo."

"Ndasokera ine? Pabwalo pano ndinavinapo iwe usanaganiziridwe n'komwe. Iweyo ukutani kuno?"

"Ndi mpando wanga uwu."

"Ndikuuona, ndani sangaudziwe. Waubweretsa kuno ndani?"

A Wadad anacheuka, Nadim n'kucheukanso. Kumbuyo kuja Fares anali akulalata, kufunsa amene wamuchotsera mpando wake kutsogolo. Kenako anasiya kulalata. Yolla anali ataima pa kampando kofiira, atavala diresi lachikasu, akuyang'ana mpando wachikopa ngati wapeza galu wa eni pakhomo pake.

"Wobiriwirawu anauika pafupi ndi wa ku Montreal uja ndi mayi ake a Yolla," anatero a Wadad, akulavulira khoko la nthanga m'dzanja. "Mwanayo anandilawirira m'mamawa, akuti azakhali tisinthane. Kampando kanga ananyamula yekha, kukakaika pafupi ndi pulasitiki wako wonyansayu. Ine n'kuvomera kudzakhala kukamwa kwa lipenga, ndi makutu angawa. Paja amati unaphunzira chiyani ku Beirut?"

"Masamu."

"Ambuye atichitire chifundo."

Nadim anadzuka atagwira mpando wake, koma a Wadad anamukoka malaya.

"Khala pansi, mwana wanga, ayamba. Ukufuna tauni yonse ikuone ukukoka mpando ngati mbuzi yokana kumsika? Mwanayo wamuchititsa manyazi kamodzi, basi zakwana."

Lipenga linalira. Yolla anamuyang'ana Nadim kamodzi, anayang'ana mpando wapulasitiki, ndipo zinaoneka kuti samuyo waimaliza msanga kuposa mwini wake. Anakonza diresi lake n'kukhala pansi. Fares anamuthirira vinyo wa bambo ake, Yolla n'kulandira.

Nyimbo yoyamba Nadim anaimvera khosi lili chopotokera kumbuyo. Yachiwiri chimodzimodzi. Anadikira kuti Fares atsinzine monga mwa chizolowezi chake, kuti mwina akodole Yolla ndi dzanja, koma tsiku limenelo Fares sanatsinzine ngakhale pang'ono. Azimayi awiri a mzere wapakati anali atagundanitsa kale mitu.

"Tambula yachiwiriyi ndi ya ndani?" anafunsa a Wadad.

"Ndi yanu, azakhali."

Analawa, n'kukwinya mphuno.

"Wa Fares ndi wabwino kuposa uyu," anatero, n'kumwa yense.