Mphindi Khumi za Mwana Wanga

Ine ndadzaza mapasipoti atatu ndi zidindo, chonsecho pulayimale sindinamalize. Ndinayamba ndi njinga imodzi yonyamula matumba, lero malole anga amawoloka malire sabata iliyonse. Ndiye mwana wanga wachisamba atandiuza kuti kalasi yawo ya zamadzi ikupita kunja kukaona yunivesite ina, ndinangoseka. Mzinda wa yunivesiteyo ndi kumene ndimagula matayala. Ndinati tikakumana komweko.

Mayi ake anandiletsa, amvekere ulendowo ndi wa ana asukulu, osati wa makolo. Ndinawayankha kuti wodziwa njira sasiyidwa m'mbuyo.

Anali ophunzira khumi ndi awiri ndi aphunzitsi awo, bambo ofatsa amene anawo ankawatcha a Chipewa. Ndinawapeza pachipata akunjenjemera ndi chisanu, ndipo mwana wanga ndinamuveka jekete yanga. Tinazungulira laibulale ya nsanjika zisanu, holo yodyera, ndi chipinda chodzaza mapaipi agalasi momwe amayezera madzi a m'zitsime. Ine ndinali patsogolo, kuwalozera ichi ndi icho ngati mwini malo. Anawo ankaseka, n'kunditcha Bambo Paliponse.

Nkhani yeniyeni inali masana. Apulofesa a chipinda cha mapaipicho, mayi a imvi, anali ndi malo amodzi a wophunzira wodzagwira nawo ntchito chaka chathunthu. A Chipewa anasankha atatu, mwana wanga mmodzi wa iwo, ndipo aliyense anapatsidwa mphindi khumi. Mwanayo anali atakonzekera miyezi iwiri.

Nthawi yake itakwana, ndinanyamuka naye. A Chipewa anandigwira mkono pakhomo.

"Akuluakulu, bwanji ife tidikire panja pano?"

Ndinawauza kuti ndalowapo m'maofesi oposa amenewa.

Mkatimo munali mabuku mpaka kudenga ndi kawotchi patebulo. Apulofesa anafunsa mwana wanga chimene chinamukokera ku nkhani ya madzi. Mwanayo anandiyang'ana kaye, monga amachitira mwana woleredwa bwino pakakhala wamkulu, ine n'kuona ngati akundipatsa mpata. Ndinayambapo. Ndinafotokoza za mjigo umene ndinakumbitsa pagalaja panga, za mitsinje imene ndawoloka, za mmene ndinamulerera mwanayu. Chizungu changa ndi cha pamsewu, koma chimathamanga. Mayiwo ankangogwedeza mutu, maso ali pakawotchi.

Itatsala mphindi imodzi anakweza dzanja, n'kutembenukira kwa mwanayo. Anamufunsa ngati iye mwini ali ndi choti anene kapena kufunsa.

Mwana wanga anaweramitsa mutu. "Bambo anena kale zonse."

Mawu amenewo ndinamuphunzitsa ndine ali wamng'ono, kuti ndiwo ulemu pamaso pa akulu. Mtima wanga unachita kuti myaa. Apulofesa analemba kamzere kamodzi, n'kutithokoza.

Malowo anapita kwa mnzake wina wachibwibwi, amene anakhala mu ofesimo theka la ola. A Chipewa sanandibisire. Apulofesawo akuti anati mtsikana wangayo pamapepala ndi wanzeru kuposa onse, koma sanabwere ndi funso ngakhale limodzi.

Jekete anandibwezera pabwalo la ndege. Anangoti zikomo adadi. Ndili mundege ndinapisa m'thumba n'kupeza pepala lopindidwa kanayi. Panali mafunso asanu ndi awiri, m'zilembo zake zing'onozing'ono zija. Lachitatu linali la mchere wa m'madzi a mjigo wa pagalaja panga womwewo. Anakhala akuwayeza yekha miyezi iwiri yonseyo, ine osadziwa.

Papita zaka zinayi. Amayeza madzi pa ofesi ina m'tauni, ndipo sanandidandaulirepo. Akabwera kunyumba ndimamufunsa za ntchito yake, kenako ndimatseka pakamwa n'kudikira. Iye amangomwetulira.

"Yambani ndinu, adadi."